Kamulungu ka mu Mtsuko wa Barele

Selemiya anali mmisiri wa matabwa, munthu wabwino mtima koma wouma mutu ngati mwala wa mphero. Tsiku limene Ababulo anamutenga ukapolo pamodzi ndi anthu ena a ku Yerusalemu, anzake anasenza mikeka ndi miphika. Iye anafungatira kafano kamtengo kamene anasema yekha, mpaka kukafika nako kumtsinje wa Kebara, m'dziko la Ababulo. Kumeneko anakabisa mu mtsuko wa barele, mbewu yonga tirigu, n'kumati ndi kamene kakusunga mwana wawo Tiriza, yemwe anatsala ku Yerusalemu ndi mwamuna wake.

Tsiku lina mkazi wake Hodiya anabwera kuchokera kwa mneneri maso ali psuu. Mneneriyo anali atanena mosapsatira kuti mzinda wa Yerusalemu udzapsa chifukwa cha mafano, ndipo wofuna moyo atulukemo. Hodiya anapempha kuti atumize mawu kwa Tiriza. Selemiya anangoseka. Aneneri ena sanali kunena kuti zaka ziwiri zokha tibwerera kwathu? Uyu yekha ndiye wa pakamwa powawa.

Hodiya anamugwira khutu ngati mwana, n'kulitsina ndithu.

"Bambo a Tiriza, mulungu wanji wochita kumunyamula? Mwana ndinabereka ndi mmodzi."

"Mayi, khutu langa lalakwanji? Zanu zomva kwa anthu olirazo musabwere nazo muno."

Mayiyo anakapeza wamalonda wa ngamira wopita kumadzulo, n'kumupatsira uthenga wochenjeza Tiriza.

Patapita zaka, kunafika munthu wopulumuka, mapazi ali ming'alu yokhayokha, n'kunena kuti mzinda wagwa. Selemiya anathamangira kumtsuko kuja, n'kupisa dzanja. Kafano kaja kanali katafumbwa kale, moti atakagwira kanangoti nyenyenye, fumbi lokhalokha. Bambo wamkulu analira ngati mwana. Kanthu kolephera anankafumbwe kakanalimbana ndi asilikali?

Itatha miyezi inayi, m'gulu la akapolo atsopano munatulukira Tiriza, woonda ngati bango, khanda lili kumbuyo. Anati uthenga wa amayi utafika, iye ndi mwamuna wake anasamukira kumudzi mzinda usanazingidwe. Asilikali anakawagwirira komweko, koma amoyo.

Selemiya anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali. Kenako anawerama, n'kumupatsa khutu linalo.

"Tsinani ili nalonso, mayi. Lija linachedwa kumva."

Hodiya anaseka misozi ikutsika, ndipo analitsinadi, koma pang'ono. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.