Yunifolomu Yodulidwa Mayeso Asanalembedwe

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unabadwira pakhonde la telala.

Pa Nsundwe panali mtsikana wamanyazi dzina lake Ndaziona. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo mayi ake ankadalira maganyu. Ali Sitandade 8, masamu anamukanika, koma kufunsa aphunzitsi ankaopa.

Tsiku lina mvula inamutsekereza pakhonde la Anangondo, mayi wosoka zovala, amene sanali mbale wake.

"Iwe, m'malo mongoyang'ana mvula, tandigwirira nsaluyi," anatero Anangondo. "Mamita atatu, ana anayi. Aliyense apeza bwanji?"

Ndaziona anangoyang'ana pansi. Anangondo sanamuseke. Anapinda nsaluyo pawiri, napindanso, mpaka mtsikanayo anaona yankho ndi maso ake. Kuyambira pamenepo, akaweruka ankakhala pambali pa makina osokera, akuwerengera ndi choko pathebulo. Akalakwa, Anangondo ankangoti, "Sosola, usokenso." Akamva m'mimba mwa mwanayo mukulira, ankamukankhira mbatata yootcha.

Kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe, atsibweni ake, a Chimphonda, anafika pakhondepo panjinga.

"Kwera, mphwanga. Ndakupezera ntchito yolera mwana m'tauni. Mayi ako avomera."

Ndaziona ankafuna kukana, koma atsibweni sayankhidwa.

Makina anasiya kulira. Anangondo anatenga tepi, nayamba kumuyeza mtsikanayo m'mapewa ndi m'chiuno.

"Mukutani kodi, mayi?" anafunsa a Chimphonda.

"Ndikumuyeza yunifolomu ya kusekondale, bambo."

"Ha! Mayeso sanalembe n'komwe! Mwayamba kumanga khola ng'ombe mulibe?"

Anangondo anayala nsalu yatsopano, nailowetsa sizasi. Kwee!

"Nsalu yodula sibwerera kusitolo. Mukamutenga, ndiveka ndani? Inuyo siketi ikukhalani?"

Anthu amene ankadikira zovala zawo anafa nalo phwete. A Chimphonda anapukusa mutu.

"Koma mwanayu ngwanu?"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambo. Musiyeni alembe. Chakudya azidya kwathu."

A Chimphonda anatembenukira kwa mphwawo. "Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ndikufuna kulemba, atsibweni," anatero Ndaziona.

Bamboyo anatembenuza njinga. "Chabwino. Koma ukakhoze, usandichititse manyazi."

Ndaziona anakhoza, napita kusekondale. Patapita zaka anadzakhala namwino, ndipo maso a Anangondo atachita khungu, ndi iye amene anawatengera kuchipatala, nawasamalira ngati mayi ake.

Anthu ataona zimenezi anawonjezera mawu aja, nati: "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Tanthauzo lake n'lakuti mwana safuna wom'bala yekha. Afunanso wina womukhazika pambali, womuwongolera ndi womuyankhulira pamene iye mawu amuthera. Ukafulumira kutambasula dzanja lako kwa mwana wotere, zipatso zake zidzagweranso pabwalo pako.