Batani Limene Abson Analipha

Mu kashopu kosindikiza makhadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, panalibe wothamanga pa kompyuta ngati Abson. Mausi yolozera pa kompyuta ija ankangoigwira popukuta fumbi. Batani lililonse anali atalipatsa ntchito yakeyake: kudina awiri, mtanda wa maliro wakhala, kudina atatu, maluwa a ukwati azungulira tsamba. Makasitomala ankachita kuimirira kumuonerera, iyenso mapewa m'mwamba.

Mtima unayamba kumuwawa pamene mwini shopu, mayi Chishimba, analemba ntchito Rhoda, mtsikana wongochoka kukoleji, n'kumamutama pamaso pa anthu.

"Ba Abson, nipunziseniko ma batani yanu," anapempha Rhoda tsiku lina.

"Iwe, zala izi sizinabwele na satifiketi. Sebenzesa mausi," anayankha Abson osacheuka n'komwe.

Kukana kokha sikunamukwanire. Aliyense wodziwa kompyuta amasunga zolemba podina Kontrolo ndi S. Abson analowa m'makonzedwe a kompyuta yake, nalichotsera batanilo ntchito kuti munthu akalidina pasachitike kanthu, ntchito yosungayo n'kuibisa pa batani lodziwa yekha. Kudzisungira kwa kompyuta anali atakuzimitsa kale, ati kumachedwetsa makina. Ankadikira kuti Rhoda adzakhale pampando wakewo, adzataye ntchito ya kasitomala, achite manyazi.

Bambo ake a Abson, a Bwezani, anali atabwera kuchokera kumudzi ku Chadiza kudzaonana ndi dokotala. Chaka chonse nkhalambayo inkamuchonderera kuti alembe mbiri ya banja: makolo, kumene anachokera, ndi abale amene anamwazikira ku migodi. Abson anali atatsegula fayilo, kulemba mutu wokha, basi. Zotsalazo zinali za mawa, mawa lake losafika.

Tsiku loti mawa abwerera kwawo, a Bwezani anakwera minibasi kuchokera kunyumba kwa Abson ku Chelstone mpaka pashopu. Anapeza mwana wawo wapita ku Woodlands kukasiya makhadi.

"Nkhalani apa, atate, nizalemba ine," anatero Rhoda, natsegula fayilo ija pa kompyuta ya Abson.

Nkhalamba inalankhula masana onse, pena kuseka, pena kupukuta misozi. Rhoda, mwana wosamala, ankadina Kontrolo ndi S pakutha pa ndime iliyonse. Akumaliza dzina lotsiriza, magetsi anathima.

"Musade nkhawa, malaiti yayenda koma vonse nasunga," anawatsimikizira.

Madzulo a Bwezani anagwira mwana wawo dzanja. "Mtolo uja ndatula, mwana wanga. Mtsikana wa kuntchito kwako wandilembera zonse pa makina ako. Tsopano ngakhale ndipite."

Abson anadziwa kuti palibe chimene chasungidwa. Akanatha kuulula pomwepo, n'kutenga pepala kuti ayambirenso. Koma akanayambira pati kufotokozera bambo ake kuti anatchera msampha mwana wa eni? Anangoti, "Zikomo, atate," ndipo m'mawa anawakweza basi. Mumtima ankati pa Khirisimasi adzapita kumudzi, adzawafunsa mochenjera. A Bwezani sanafike Khirisimasi.

Abson atabwerako kumaliro, azakhali ake anaimba foni kufunsa mbiri ija, poti malemu anali atauza mudzi wonse kuti ili ku Lusaka. Rhoda, pofuna kumupepuza, anatsegula fayilo kuti asindikize. Panali mzere umodzi wokha, umene Abson analemba chaka chatha: Mbiri ya Banja la Bwezani.

"Koma ninasunga! Mulungu aniona, ninasunga!" Rhoda analira, manja kumutu. "Nawononga mau ya atate banu."

Misozi ya mtsikanayo ndi imene inamuthyola Abson. Anakhala pansi, nanena motsitsa mawu kuti, "Si iwe, Rhoda. Batani ija ninaipaya ine, kuti ugwe."

Rhoda anatenga chikwama chake n'kutuluka panja.

Tsiku lomwelo Abson anabwezera batani lija ntchito yake, zinthu zosatenga ndi mphindi yomwe. Koma mayina aja anapita ndi mwini wake. Lero ana ake akamufunsa kuti agogo a agogo awo anali ndani, amangoyang'ana zala zake zothamanga zija. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.