Mtondo Umene Unaona Likoma

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu wa tala usanadutse, munali mayi wina dzina lawo a Nangondo. Iwe Ndaziona, siya kaye kukhalira sutikesiyo, siitsekeka ngakhale uitane mudzi wonse. Ndi yachingati imeneyo? Yachitatu? Ulendo wa sabata imodzi pa sitima, wongokapuma ndi kuona dziko, masutikesi atatu! Khala pansi, mdzukulu wanga. Nanunso ana inu senderani kuno, nkhaniyi ndi ya magazi anu omwe.

A Nangondo amenewa anali agogo awo a mayi anga. Ine sindinawaone, koma mayi anakulira pakhomo pawo, ndipo zimene ndikukuuzanizi ndinazimva kwa iwo kambirimbiri. Anali munthu wabwino a Nangondo, wopatsa, wolimbika pakhasu. Vuto lawo linali limodzi: sankadziwa kusiya kanthu. Chigamba sataya, kachingwe sataya, mphika ukasweka phale lake amasunga. Popita kumaliro kutsidya kwa mtsinje kokhaku ankanyamula ngati akusamuka. Ukawafunsa, yankho linali lomwelo: "Nanga chikakafunika?"

Amuna awo anali a Kaliwo. Amenewa anagwira ntchito pa sitima ya panyanja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Musaganize kuti ankawongolera, ayi. Sitima za nthawi imeneyo zinkayendera nkhuni, ndipo ntchito yawo inali yosonkhezera moto pansi penipeni, m'mimba mwa sitima, kotentha, kopanda ndi zenera lomwe. Munthu wazungulira nyanja yonse maulendo osawerengeka, koma chimene wachiona bwino ndi ng'anjo. Madoko ankangowasuzumira pokweza nkhuni. Pang'ono pamene ankaonapo ankabwera napo kunyumba, n'kumawafotokozera akazi awo: tchalitchi chachikulu cha pa chilumba cha Likoma, mapiri a kumpoto amene amagwera m'madzi, tizilombo touluka ta nkhungu tikutuluka pakati panyanja ngati utsi. Akamaliza ankati, "Nangondo, tsiku lina tidzakhala pamwamba pa sitima, inu ndi ine, tidzaziona bwinobwino."

Zaka zinapita, miyendo inayamba kukana, maso anafiira ndi utsi. Powapumitsa ntchito, mkulu wa sitimayo anawafunsa chimene angakonde. Wina akanapempha njinga. Wina akanapempha malata. A Kaliwo anapempha chiyani? Anapempha matikiti awiri, kuchoka pano pa Nkhotakota, kukafika kumpoto, n'kubwereranso. Anawapatsa, koma anawauza kuti ndi ulendo umodzi wokha, wa mwezi wa Julaye, ndipo sudzabwerezedwa.

Anafika kunyumba timapepala tija atatikulunga m'kansalu. "Nangondo, ulendo uja wakwana. Mumange kaphukusi kamodzi: nsalu ziwiri, bulangete, sopo. Chakudya chili komweko, pogona pali komweko."

"Kaphukusi kamodzi? Masiku khumi? Bambo inu, mukufuna anthu akandiseke?"

"Akakusekani ndani? Kumeneko kulibe amene akukudziwani."

"Ndiye chifukwa chake. Kosadziwika munthu sapita chimanjamanja."

Anayamba kulongedza kutatsala masabata awiri. Mpunga matumba awiri, poti chakudya cha pa sitima sankachikhulupirira. Mpungawo unali wosapuntha, chifukwa amati wopunthiratu umatha fungo. Tsono mpunga wosapuntha umafuna chiyani? Mtondo. Mtondo umafuna chiyani? Munsi. Ukapuntha upeta ndi chiyani? Lichero. Mwaona mmene katundu amaberekerana? Panabwera mkeka, panabwera miphika itatu, panabwera mtsuko umene anawasiyira malemu mayi awo, poti madzi a m'chitsulo sakoma. Panabwera nkhuku zinayi m'chitete. Chilichonse a Kaliwo akachiloza, yankho lomwe lija: "Nanga chikakafunika?"

Izo zinali zawo. Kenaka mudzi unamva, ndipo mukudziwa mmene timachitira ife. Munthu akakhala pa ulendo, aliyense amakumbukira mbale wake. Uyu wabwera ndi mtedza wa mwana wake amene ali pasukulu ku Likoma. Uyu wabwera ndi fodya wa mlamu wake ku Nkhata Bay. Uyu ufa wa kondowole, uyu mphasa yatsopano. Kukana kutumidwa kunali ngati kutukwana, ndipo a Nangondo sakanatha. Ankalandira ndi manja awiri, n'kumanga mfundo pa chingwe kuti asaiwale cha yani ndi chiti. Mfundo zinakwana khumi ndi zinayi.

A Kaliwo anali munthu wofatsa, ndipo ine ndimati kufatsa kwawoko kunalakwanso. Akanakalipa tsiku limodzi lokha, mwina bwenzi nkhaniyi ndikuisimba ndikuseka. Koma anangoyang'ana mulu uja pakhonde n'kunena motsitsa mawu, "Nangondo, sitima siifika pamchenga. Imaima patali, anthu amapita ndi boti. Botilo ndi laling'ono, ndipo sitima siidikira munthu."

"Inu mwaigwirira ntchito zaka zonsezi. Ingakusiyeni inu?"

Tsiku linafika. Anthu asanu ndi atatu anawaperekeza kugombe, aliyense katundu pamutu. Kunali kum'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono, ndipo mphepo ya mwera inali itayamba kale kutukula mafunde. Sitima inali itaima patali, utsi uli tolotolo. Boti linabwera, opalasa anaona mulu uja n'kugwira pakamwa.

"Mayi, uyu ndi katundu wa anthu angati?"

"Wa anthu awiri, ana anga."

Ulendo woyamba anakweza mtondo, munsi ndi matumba a mpunga, pamodzi ndi anthu ena. Malo anatsala a anthu awiri. A Kaliwo anakwera, n'kutambasula dzanja. "Bwerani, Nangondo. Zotsalazo zitipeza."

"Tsogolani inu mukalandire zimenezo. Ine ndiyang'anire izi, zingasokonekere ndi za eni ake."

A Kaliwo anatambasulanso dzanja. "Nangondo, bwerani."

"Aa, bambo inu, boti si libweranso?"

Linabweradi. Ulendo wachiwiri linatenga miphika, mkeka, nkhuku ndi anthu enanso. A Nangondo anatsalanso, akuwerenga mfundo zawo. Uku mwera ukukulirakulira. Boti litabwera kachitatu, sitima inalira kamodzi, kulira kwakutali kuja. Mkulu wa opalasa anati, "Mayi, uno ndi ulendo womaliza. Nyanja yakwiya, boti silifuna kulemera. Kwerani ndi chimene chili m'manja mwanu, basi."

Tamverani tsono, ana inu. A Nangondo analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Dzanja lawo linagwira boti, linagwira ndithu. Mwendo umodzi unali utakwera kale. Ndiye anacheuka. Pamchenga panali mtsuko wa mayi awo, panali mtedza wa mwana wa mnzawo, panali timaphukusi tonse ta eni ake. Mumtima anati, ndikabwerera kumudzi ndidzawauza chiyani anthu? Anatsitsa mwendo uja. "Dikirani pang'ono, nditenge mtsuko wokhawu."

Anathamanga, anatenga mtsuko. Atatenga mtsuko anaona mtedza. Atatola mtedza anaona fodya. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Operekeza akukuwa, "Siyani, mayi! Pitani! Tibweza tokha kwa eni ake!" Iwo akutolabe, china pamutu, china m'khwapa, china chikugwa. Funde lalikulu linamenya boti, opalasa anaona kuti akachedwa amiza anthu, n'kuyamba kupalasa. Sitima inalira kachiwiri.

Pamene a Nangondo ankatembenuka, boti linali litapita kale kwakuya. Analowa m'madzi mpaka m'chiuno, mtsuko uli pamutu, akuitana. Ndani akanamva ndi mphepo imeneyo? Anaona boti likufika, anthu akukwera, nangula akukwezedwa. Ndipo pamwamba pa sitima, pamalo pamene ankanena zaka zonse paja, panaima a Kaliwo, chipewa chili m'manja. Anthu amene anali nawo anadzasimba kuti a Kaliwo anapempha kuti atsike, koma boti linali litakwezedwa kale, ndipo ndi miyendo yawo ija sakanasambira. Sanabayibitse n'komwe. Anangoima chomwecho mpaka gombe linabisika.

A Nangondo anabwerera kumudzi ndi operekeza aja, n'kuyenda khomo ndi khomo kubweza katundu wa eni ake, akumasula mfundo imodziimodzi. Ndipo mukudziwa chimene chinawapweteka koposa? Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula za katundu wake. Mayi wa mtedza uja anati, "Mwatsalira mtedza? Mayi inu, mtedza timakolola chaka chilichonse!"

Patapita masiku khumi sitima inabwerera. A Kaliwo anatsika, ndipo pambuyo pawo anatsitsa mtondo, munsi, mkeka, miphika, ndi mpunga matumba awiri osamasula n'komwe. Palibe chimene chinakafunika, ngakhale chimodzi. Nkhuku zokha ndi zimene sizinabwerere, poti a Kaliwo anawapatsa anzawo akale a ku ng'anjo. A Nangondo anagwada pamchenga pomwepo, anthu akuona. "Bambo, ndinalakwa."

A Kaliwo anawadzutsa. Anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. "Dzukani, Nangondo. Mtondo wanu wayenda bwino. Waona Likoma, waona mapiri. Ndinauika pambali panga, pamalo panu."

"Nanga inu mwaona zotani? Tandiuzani."

"Sindinaone bwino. Ndimati ndikaona chinthu, nditembenuke ndikuuzeni, n'kupeza ndi mtondo."

Kuyambira tsiku limenelo sanasimbenso za nyanja. Akazi awo akafunsa, ankangoti, "Tidzapita chaka chamawa, mukadzionere nokha." Onse awiri ankadziwa kuti tikiti ina kulibe, koma a Nangondo anayamba kuumba miphika yogulitsa kuti mwina adzagule okha. Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula ya chaka chomwecho isanathe, chifuwa chimene anachitenga ku utsi wa ng'anjo uja chinawagoneka a Kaliwo, ndipo sanadzukenso.

Maliro atatha, a Nangondo anatenga nsalu ziwiri, bulangete ndi sopo, n'kumanga kaphukusi kamodzi, monga momwe anawauzira paja. Anakapachika kudenga, pafupi ndi chitseko. Anakhala zaka zina makumi awiri, kaphukusi kali pomwepo. Sitima ikalira kunyanja ankasiya chimene akuchita n'kumvetsera mpaka kulirako kuthe. Ana awo atakula n'kuyamba ntchito anawauza, "Amayi, tikugulireni tikiti, mukaone Likoma." Iwo anapukusa mutu. "Ndikaone ndi yani? Ine Likoma sindinkalifuna. Ankafuna kundionetsa ndi iwo."

Mayi anga amati tsiku lina, ali mtsikana, anawafunsa chifukwa chake sakamasula kaphukusiko, poti nsalu zinali kudyedwa ndi njenjete. A Nangondo anati, "Kasiye, kakundiphunzitsa. Tsiku lija bambo anatambasula dzanja kawiri. Ine manja anga onse anali ndi katundu."

Mtondowo ndi uwo uli kuseri kwa nkhokwe, wong'ambika m'mbali, umene ana inu mumakhalira mukamasenda chinangwa. Inde, womwewo. Unayenda ulendo umene mwini wake sanayende. Ine ndikaudutsa mtima umandiwawa mpaka lero, ngakhale anthuwo sindinawaone. Chimandiwawa n'chakuti panalibe woipa pa nkhaniyi. Panalibe mfiti, panalibe wakuba. Panali mayi wabwino amene ankaopa kusowa kanthu ndi kukhumudwitsa anansi, ndi bambo wabwino amene anadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kuti akhale pamwamba ndi mkazi wake.

N'chifukwa chake ife a mtundu wa a Nangondo tili ndi lamulo lathu la paulendo, ndipo amalume ako onse akulidziwa. Ukatumidwa zambiri, umapepesa pakhomo pomwepo, usanalandire. Ndipo ukamanga katundu, umamunyamula ndi dzanja limodzi n'kuyenda naye mpaka pa mtengo wa mango uwo. Akakukanika, umabwerera n'kuchotsako. Dzanja limodzi ndi la katundu, linalo ndi la mnzako.

Tsono iwe Ndaziona, ndinakumva dzulo ukunena kuti, "Nanga nsapato izi zikakafunika?" Ndinachita kuzizidwa, chifukwa mawu amenewo ndimawadziwa mwini wake. Amuna ako aja asunga tchuthi chawo zaka zitatu kuti akuonetse nyanja yaikulu, ndipo ndi awo aima pa galimoto kuyambira m'mawa, sakunena kanthu. A Kaliwonso sankanena kanthu. Sankha sutikesi imodzi, mdzukulu wanga, ziwirizo tidzakusungira. Mtondo umodzi woona dziko watikwanira m'banja muno.