Uthenga umene Gologolo anausunga

Kalekale, ana inu, nyama zikadayenderana pa maukwati ndi pa maliro, kunali Gologolo wina wachinyamata amene ankakonda nyimbo kuposa mtedza. Tsoka lake linali limodzi: kuyimba kunamukana. Akangoti atsegule pakamwa, ngakhale akhwangwala ankasamuka mumtengo. Koma khutu lokha ndiye anali nalo.

Tsiku lina anati, "Poti mawu ndilibe, ndisonkhanitsa amene ali nawo, ine ndiziwayang'anira."

Anakapeza Gogomole akugogoda mtengo wouma, nam'patsa ng'oma. Anakapeza Chule padambo, nam'patsa babatoni wa chingwe chimodzi. Kenaka kutsidya kwa mtsinje anamva Njiwa akuyimba yekha uku akutola mapira m'munda mwa mayi ake, ndipo Gologolo anaima chilili mpaka nyimbo inatha. Njiwayo anali mwana mmodzi yekha. Gologolo anakagwada kwa mayiwo katatu konse asanalole kuti mwana wawo alowe bandi.

Musamuyese waulesi Gologolo ameneyu, ayi. Ng'oma ankasenza yekha. Bwalo loyimbirapo ankayamba walisesa ndiye. Njiwa akatsokomola pang'ono, uchi unali utafika kale. Pa chakudya ankadya pomaliza, nthawi zina osadya n'komwe. Ndipo anaika lamulo limodzi: uthenga uliwonse wopita kwa oyimba uzidzera kwa iye.

"Woyimba asamve za mikangano, asamve za mawa," ankatero. "Zimenezo n'zanga. Iye azimva nyimbo basi."

Lamulolo linali labwino, ndipo oyimba ankagona tulo tabwino chifukwa cha ilo.

Zaka ziwiri anayimba m'timabwalo ta mbewa ndi abuluzi. Chaka chachitatu Njovu anatuma mthenga kuti bandi ya Gologolo ikayimbe pa ukwati wa mwana wake wamkazi, pamaso pa nyama zonse. Gologolo analira ndi chimwemwe. Mwayi umene ankaulota uja unali utagogoda pakhomo.

M'mawa wa tsiku la ukwati, Gologolo akuwamba ng'oma padzuwa, kunatera Namzeze ali wefuwefu.

"Zikomo, ndinu a Gologolo oyang'anira oyimba?"

"Ndine. Kwagwanji?"

"Ndachokera kutsidya. Mayi ake a Njiwa atisiya mbandakucha. Ndi kutenthaku, thupi silingagone. Akuluakulu akuti adikira mpaka dzuwa litapendeka, kuti mwana aone nkhope ya mayi ake ndi kuponya dothi. Anyamuke tsopano lino. Ali kuti?"

Gologolo anaika ng'oma pansi. "Zamveka. Ndimuuza ndine."

"Mumuuze ndithu. Ine ndikadali ndi midzi inayi yoti ndikalengeze."

Namzeze anauluka. Gologolo anatsala ndi uthengawo m'manja, ukumuotcha ngati khala.

Anapita kumene Njiwa ankakonza nthenga zake. Njiwa anamuyang'ana akumwetulira.

"Achimwene, nkhope yagwa bwanji? Lero ndi tsiku lathu."

"Kutopa chabe, achemwali. Imwani uchiwu."

Anabwerera kung'oma zija. Mumtima ankati, "Nyimbo ndi zitatu zokha. Tiyamba dzuwa lili pamutu, tikatha ndimuuza, ndipo ndi mapiko akewo akafika nthawi ikadalipo. Ndikamuuza tsopano mawu athawa, ndipo Njovu saitana kawiri. Thukuta la Gogomole, thukuta la Chule, la Njiwa yemwe, lipite pachabe? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ndikuuzeni zoona, ana inu, sanali woipa mtima. Ankakhulupiriradi kuti akuchitira Njiwa zabwino, ndipo n'chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi.

Dzuwa linafika pamutu, koma mkwatibwi anali asanatuluke. Anatuluka mithunzi itayamba kutalika. Gogomole anaguguda ng'oma, Chule anakoka chingwe, ndipo Njiwa anatsegula pakamwa kulangiza mkwatibwi:

Pita, mwanawe, pita kubanja,
koma njira ya kwa amako isamere udzu.

Bwalo lonse linangoti zii. Mkazi wa Njovu anagwetsa misozi. Ngakhale Fisi anasiya fupa limene ankakukuta.

Nyimbo zitatu zitatha, Njovu anakweza chitamba. "Bwerezani!"

Njiwa anayang'ana Gologolo, poti woyimba sankabwereza popanda iye kulola. Gologolo anayang'ana dzuwa, anayang'ana khamu lija, nagwedeza mutu kuvomera.

Anabwereza. "Bwerezaninso!" anatero Njovu.

Njiwa anayang'ananso Gologolo. Nthungululu zinali ponseponse, nyama zikutchula dzina la bandi yake. Gologolo anagwedezanso mutu.

Pamene ankatsika pabwalo, dzuwa linali litapendeka kalekale. Gologolo anamukokera Njiwa kuseri kwa mkuyu.

"Achemwali, kumudzi sikuli bwino. Mayi atisiya."

Njiwa anangotambasula mapiko, ulendo. Gologolo anasiya ng'oma pomwepo nathamanga pambuyo, kudumpha mitengo, kuoloka mtsinje pa chipika, mpaka zikhadabo zinatuluka magazi.

Atafika kumanda anapeza adzukulu akupala dothi kumakasu. Manda anali atakwiriridwa. Anamfedwa anali kubwerera kumudzi, ndipo Njiwa yekha ndiye anakhala pambali pa mtumbira, atafika mochedwa ngati mlendo wongodutsa. Gologolo anagwada chapatali.

Njiwa anayankhula osatembenuka.

"Achimwene, akuti anandidikira mpaka anthu anayamba kudandaula. Uthenga unafika nthawi yanji kwa inu?"

Gologolo akanatha kunamizira Namzeze, koma ulendo uno bodza linamukana.

"M'mawa."

"Ndisanayimbe?"

"Musanayimbe."

"Pamene munkandipatsa uchi paja, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene ndinkakuyang'anani kuti ndibwereze?"

Gologolo anagwetsa nkhope pansi. "Ndimafuna kuti dziko limve mawu anu, achemwali. Ndimati nthawi ikwana."

"Dziko lamva," anatero Njiwa. "Mukanandiuza m'mawa, mwina ndikanayimba imodzi n'kunyamuka. Mwina sindikanayimba konse. Koma wosankha ndikanakhala ine. Bandi ndi yanu, achimwene. Mayi anali anga."

Sanamutukwane, sanamuthamangitse. Gologolo akanakonda Njiwa atamutukwana.

Sabata isanathe, amithenga anayamba kufika kwa Gologolo. Mkango unkafuna bandi pa chikondwerero chake. Mvuu inkaifuna pa chinkhoswe. Njati, Ngoma, Mbawala, onse ankafunsa chinthu chimodzi: "Njiwa uja abwera?" Gologolo anaoloka mtsinje kasanu ndi mauthenga amenewa, ndipo ulendo uliwonse ankawapereka onse, osasungako ngakhale umodzi. Njiwa ankamvetsera mwaulemu ali mumtengo wa pafupi ndi manda, kenaka n'kuyamba kubuula pansipansi, kulira kopanda mawu kumene mumakumva mpaka lero dzuwa likatentha.

Gogomole anabwerera kumitengo yake youma, Chule kudambo lake. Ulendo wachisanu ndi chimodzi Gologolo anafika pachipika chija, anamva kubuula kuja kutsidya, ndipo sanaoloke. Madzi akatayika saoleka.

Yanga yathera pamenepa, ana inu. Mukadzapatsidwa anthu oti muwayang'anire, muziwasenzera katundu, koma musadzawasankhire chimene mwini wake yekha ayenera kusankha.