Musi wa Nambewe ndi Mudzi wa Tatopa

Makolo a anthu a pa Tatopa, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, anachokera ku chigwa cha Shire pothawa chilala, Angoni asanafike m'dziko muno. Anawatsogolera Likongwe wa mfunda wa Mbewe, amene anabwera ndi mayi ake okalamba ndi mlongo wake Nambewe. Mbumba yonse ya pamudzipo inatuluka mwa ana aakazi atatu a Nambeweyo.

Atapeza matemba ndi milamba yochuluka, anamanga pagombe, ndipo mayi aja atamwalira anawaika pomwepo. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, nyanja inayamba kuthawa, n'kusiya mabwato ali gwa m'matope. Likongwe anati mudzi wa asodzi sungakhale kutali ndi madzi, choncho anthu anazula nsichi n'kutsatira nyanjayo. Mvula itagwa yambiri, madzi anabwerera n'kumiza nyumba ndi nkhokwe. Izi zinachitika katatu, ndipo ulendo wachitatuwo madzi anapitirira gombe lakale n'kuphimba manda a mayi awo.

Nyanja itayambanso kuthawa, Likongwe anauza anthu kuti amange akatundu. Nambewe, amene anali kusinja mapira, anaima.

"Achimwene, mitu yathu yameteka ndi kusenza nsichi. Kodi nyanjayi ndi mwamuna wathu kuti tiziilondola kulikonse?"

"Nanga ana adya chiyani, mlongo?"

"Adya mapira. Amayi ali pansi pa matope chifukwa cha nsomba zanuzo."

Anasenza musi wake, nayenda m'matope mpaka pamene anaika mayi awo, nauzika pansi ndi mphamvu. Kenaka analozera madzi chala monga achitira mayi ndi mwana wosamva: "Iwe, tatopa nawe! Ukafuna kupita, pita. Ukabwera, ulekezere pano."

Amuna ena anaseka, koma palibe mkazi amene ananyamula mtolo, ndipo Likongwe anagonja. Anamanga pamtunda, kuseri kwa musiwo. Mvula yotsatira musi unaphuka masamba, ndipo madzi atabwerera anaima patsinde pake.

Mtengowo ulipo mpaka lero, ndipo sauthyola nkhuni. Nyanja ikaphwa, mapale a m'mabwinja atatu aja amaoneka m'ming'alu ya dothi. Asodzi amakankha mabwato ulendo wautali akudandaula, koma aliyense wonena zosamutsa mudzi, amayi amangomulozera mtengo uja.