Khomo la Tsiku Limodzi

Basi inatula mayi wina kutada. Tauni yachilendo, msewu wopanda magetsi. Chikwama kumsana, mayiyo anafunsa njira kawiri asanapeze kachipatala ka geti lobiriwira. Ntchito yake inali yoteteza makompyuta a makampani, lero kuno mawa uko. Koma uwu sunali ulendo wa ntchito. Anaitanidwa ndi mlongo wake pa foni, kuti abwere msanga.

Mlongoyo ndiye ankasamala makompyuta a pachipatalapo. Anamwino ankamutcha Injiniya, ngakhale mayeso a satifiketi ya netiweki anali asanalembe. Dzinalo analilandira ndi manja awiri.

Anamupeza m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a odwala onse. Fani ikulira. Nthambo zili mbwee. Pa sikirini uthenga umodzi wokha, wa akuba a pa intaneti: mafayilo anu tawatseka.

"Achemwali, mpanda ulipo," anatero Injiniya, akuloza bokosi lophethira timagetsi, lija amati fayawo, loletsa akunja kulowa m'makompyuta. "Latsopano ndithu. Sindikudziwa alowera pati."

"Mpanda ndauona. Ndionetse makomo."

Mayiyo anakoka mpando. Anawerenga malamulo a fayawo mzere ndi mzere: uyu alowe, uyu asalowe. Chapakati chala chinaima. Khomo lolowera mu seva kuchokera kunja, lotsegukira aliyense. Pambali pake mawu olemba Injiniya mwini: "Kwa lero lokha."

"Lero lake liti, iwe?"

Inali itatha miyezi isanu. Loweruka lina Injiniya anafuna kukhala kunyumba, awerenge za mayeso. Anatsegula khomolo kuti kanthu kakavuta akonze ali komweko. Pasiwedi anaika yosavuta, dzina la chipatala ndi chaka. Lolemba anati atseka mawa. Mawa linabala mawa linzake. Khomolo linamukomera ngati njira yachidule yodutsa m'munda wa eni.

"Nanga disiki yosungira makope a mafayilo? Ndinakuuza uziizula ukamaliza kukopera."

Onse awiri anayang'ana kuseri kwa seva. Disikiyo inali pomwepo, nthambo ili chilumikizire. Nayonso akubawo anali ataitseka.

"Ndimati ndigule kaye kabati yokhoma," anatero Injiniya.

Chitseko chinatseguka. Analowa namwino wamkulu, mayi wa imvi, makiyi m'chiuno. Anapereka moni mwachidule kwa mlendoyo, mlongo wa Injiniya.

"Injiniya, mawa ndi tsiku la odwala shuga. Mlingo wa mankhwala a aliyense uli mmenemo. Pali bambo wina mankhwala ena amamuwenga, adatsala pang'ono kutisiya. Ndi mankhwala ati, mutu wangawu sukukumbuka. Ndiwauze chiyani anthu?"

Mlendoyo anatembenukira kwa namwino.

"Makadi akale a pepala alipo, mayi?" anafunsa mlendoyo.

"Ali kusitolo yathu yosungira katundu, m'makatoni. Tinasiya kulembamo atabwera a Injiniyawa ndi nzeru zawo."

Namwino anatuluka. Mlendoyo anazula seva pa netiweki. Anatseka khomo lija. Sizinamutengere mphindi ziwiri. Anasintha mapasiwedi onse. Koma madzi anali atatayika kale.

Patebulo panali buku la mayeso, lotsegula. Mzere wina unali wodulidwa ndi cholembera chofiira, kawiri: tsekani khomo lililonse limene simukuligwiritsa ntchito.

"Funso ili ukakhoza," anatero mayiyo.

"Achemwali, musandiseke. Mawa mabwana akufuna lipoti. Inu amakumverani. Mungolemba kuti akubawo anali akatswiri, palibe akanawaletsa."

"Akatswiri ati? Sanathyole kanthu. Amayenda akugwedeza chitseko chilichonse padziko, lako anapeza losakhoma. Ntchitoyi ndinakupezera ndine, bodza sindikupezera. Ukanene wekha. Mwina akakusunga chifukwa cha chilungamocho."

"Akandichotsa?"

"Za iwe tidzalira pambuyo. Bambo uja akubwera mawa. Kapeze khadi lake."

Kutacha mayiyo ananyamula chikwama. Basi yoyamba siyembekeza munthu. Pamabenchi odwala anali atayamba kale kufika, ena ndi ndodo, ena ataperekezedwa ndi ana awo. Namwino wamkulu ankawafunsa mmodzimmodzi, akulemba pa pepala zimene aliyense akukumbukira.

Chitseko cha kusitolo chinali chotsegula. Mlendoyo anasuzumira. Mlongo wake anali pansi, malaya ali fumbi lokhalokha, akukwawa ndi maondo pakati pa makatoni, mutu kunsi kwa shelefu. Khadi la bambo uja anali asanalipeze.

Sanamutsanzike. Anatuluka pa geti lobiriwira, nalikoka mpaka linati khe.

Khomo lotsekeka pa mphindi ziwiri linadikira miyezi isanu. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.