Tsiku Limene a Zatheka Anasamutsa Webusayiti

Pakhomo pa amake mapasa panali makola awiri. Lina linali kuseri, la nkhuku, ndipo ndilo linkadyetsa banja. Linalo linali pabalaza, pakona pomwe amuna awo ankaswera atakumbatira laputopu, mawaya ali piringupiringu kumapazi. Bamboyu anthu ankawatchula kuti a Zatheka, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Mukawauza kuti mpopi ukudontha, yankho linali lakuti "zatheka." Mpopiwo ukudonthabe mpaka lero.

Koma tisawanamizire, mutu anali nawo. Iwo ndi mlamu wawo, mchimwene wa amake mapasa, anapanga kapulogalamu kothandiza oweta nkhuku. Mlimi ankangolowa pa webusayiti n'kulemba tsiku limene anapiye ake afika. Nthawi ya katemera ikayandikira, foni yake inkalira m'mawa ndi uthenga womukumbutsa. Amake mapasa ndiwo anayamba kulembetsa, ndipo kalendala imene ankachongapo masiku kukhitchini anaitsitsa amuna awo atawaseka kuti zimenezo n'zachikale.

Chimene chinadanitsa alamu awiriwa n'chochititsa manyazi kuchinena. Anakangana kuti dzina la ndani liyambe kumunsi kwa tsamba la webusayitiyo. Mlamuyo anakwiya, anapeza ntchito kwina, ndipo kuyambira pamenepo moni ankangopatsana pamaliro.

Tsiku lina a Zatheka anamenya tebulo. "Seva imeneyi yakalamba, amake mapasa. Tsamba likumatseguka ngati likuchita kukokedwa ndi ng'ombe. Ndapeza kampani ina yabwino, tikusamuka."

Kwa amene simukudziwa, seva ndi kompyuta ya kampani ina imene imasunga webusayiti usana ndi usiku. Tingoti ndi nyumba ya lendi ya webusayitiyo.

"Kusamuka si koipa," anatero amake mapasa akupukuta mazira. "Koma amene anayala zinthu ku seva yakaleyo si achimwene? Aimbireni kaye, akuuzeni zimene zili kumeneko."

"Ndiwaimbire ine? Kuti azikalengeza kuti popanda iwo sindingathe kanthu? Webusayiti ndi mafayilo basi. Unyamula apa, uika apo. Zatheka."

"Ngakhale posamuka nyumba munthu amasuzumira kuseri kwa chitseko, bambo a mapasa."

"Inu samalani nkhuku zanu, zamakompyuta mundisiyire. Ndipo ndisamve kuti mwawaimbira mwamseri, mundichotsa ulemu."

Mayiyu anatopa nayo nkhondo ya amuna awiri aakuluakulu okanganirana dzina lolembedwa m'timalemba tosaoneka n'komwe popanda magalasi. Foni anaigwira ndithu, koma anaibwezera m'thumba. Pa zonse zimene zinachitika pambuyo pake, chimenechi ndicho chinawapweteka kwambiri.

Loweruka lake a Zatheka anasamutsa katundu. Anakopera masamba onse, zithunzi za nkhuku, ndi mayina a alimi pamodzi ndi masiku a anapiye awo. Webusayiti inatseguka ku seva yatsopano mwaliwiro loti maso kuphethira. Anaitana mkazi wawo, anaitana mapasa, anaitananso ndi mnansi amene anangobwera kudzabwereka makwerero, kuti onse aone. Kenako kampani yakale ija inafunsa pa sikirini ngati seva isungidwe kaye kapena ifufutidwe ndi zonse zili m'menemo.

"Bwanji osaisiya kaye mwezi uno, tione ngati zonse zafika?" anafunsa amake mapasa.

"Mapanga awiri avumbwitsa," anayankha a Zatheka monyadira, chala chili kale pa batani. Miyambi ankaidziwa bamboyu, makamaka imene ikugwirizana ndi zofuna zawo.

Nthawi imeneyo n'kuti amake mapasa atangokulitsa khola, n'kutenga anapiye ambiri kuposa kale lonse. Anali ndi magulu atatu amisinkhu yosiyana, lililonse ndi masiku ake a katemera, ndipo gulu latsopanoli ndilo anaikapo mtima. Kapulogalamu ka amuna awo kankabweretsa mayamiko okhaokha, ngakhale mchere sikankagula. Zovala za mapasa, sukulu ndi chakudya, zonse zinkachokera kuseri kuja.

Masiku anapita, foni ili zii. Mapasa anadwala chifuwa, mayi ali pikitipikiti pakati pa chipatala ndi khola, masiku n'kusokonekera m'mutu. Komabe mtima sunkakhazikika.

"Bambo a mapasa, katemera wa chitopa wa gulu latsopanoli sanakwanebe?"

"Uthenga wabwera?"

"Ayi."

"Ndiye kuti sanakwane. Kompyuta siiwala, amaiwala ndi anthu."

"Tangoonani pa laputopu panupo, mwina china chake chatsalira kuja."

A Zatheka anatsegula tsamba, n'kulitembenuzira kwa mkazi wawo. "Mukuona? Dzina lanu ili, anapiye anu awa. Chilichonse chili m'malo mwake. Mukungofuna kuti ndikagwade kwa achimwene anu basi."

Tsambalo linalidi lokongola, ndipo munthu wotopa sachedwa kugonja. Mayiyu anabwerera kukhola akung'ung'udza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chitopa chinalowa m'dera lawo, chinayambira kwa mnansi wa makwerero uja. M'mawa wina amake mapasa atatsegula khola anapeza anapiye atazyolika, mapiko ali lende, ena makosi atapindika, ena akupuma ngati akukoka mpweya ndi kaudzu. Magulu aakulu aja, amene analandira katemera msamuko usanachitike, ankadya bwinobwino. Gulu latsopano ndilo linkagwa ngati masamba. Mayiyu anathamangira kwa dokotala wa ziweto, amene anangopukusa mutu n'kunena kuti katemera amatchinga matenda, sachiza, ndipo nthawi yake inadutsa kalekale.

Pobwerera kunyumba anapeza foni ya amuna awo ikulira mosalekeza. Anali alimi ena, aliyense ndi funso lomwelo lakuti uthenga wasiyiranji kubwera. A Zatheka ankayenda uku ndi uku pabalaza, thukuta lili kamukamu, akuuza aliyense kuti vuto ndi la kampani ya mafoni.

Apa mpamene mtima wa amake mapasa unadzaza. Anatulutsa foni yawo pamaso pa amuna awo pomwepo. "Achimwene, siyani zimene mukuchitazo mubwere. Ayi, sindikupempha."

Mlamuyo anafika masana, anapereka moni wouma, n'kukhala pampando wa a Zatheka osaupempha. Anayang'ana m'seva yatsopano kanthawi kochepa, kenako anavula magalasi.

"Alamu, kawotchi kaja munakasiya kuti?"

"Kawotchi katinso?"

"Kamene kamadzutsa pulogalamu m'mawa uliwonse kuti ione amene akufunika katemera, n'kutumiza mauthenga. Sikakhala pamodzi ndi mafayilo a masamba ayi. Ndinakaika pakokha, m'makonzedwe a seva yakale. Inu mwasamutsa nyumba yonse, wodzutsa anthu mwamusiya konko."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena bwanji? Zoti munasamuka ndazimva lero. Mukanangondiimbira, mayunitsi a foni sakanatha n'komwe. Seva yakaleyo ikadalipo?"

A Zatheka anayang'ana mawaya a kumapazi kwawo.

"Anafufuta," anayankha amake mapasa. "Akuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo inunso achimwene musadzione ngati mngelo. Chinthu chofunika chotero mumachisunga m'mutu mwanu nokha ngati chinsinsi cha banja? Nonse awiri mwandikwana. Mumalimbirana dzina pa tsamba, amene akulira ndine."

Mlamuyo anaweramira pa laputopu n'kulembanso kawotchi kaja, ndipo anamaliza tiyi amene anamuikira asanazizire. Zimenezi ndizo zinawawa kwambiri, kuti ntchito yake inali yaing'ono chotero. A Zatheka anatsokomola, n'kuyamba kufotokoza kuti iwonso anali atatsala pang'ono kuzitulukira okha. Mkazi wawo sanadikire kuti amalize. Analowa m'chipinda chosungira zipangizo, natuluka ndi khasu.

"Tiyeni kuseri. Dokotala wanena kuti dzenje lokwiriramo anapiye akufa likhale lakuya."

Bambo amene manja awo anazolowera mabatani anakumba dzuwa likuswa mtengo, matuza akutuluka, mlamu wawo akututa anapiye akufa pa wilibala. Mapasa anaima patali atagwirana manja. Ali mkati mokwirira, foni ya amake mapasa inalira m'thumba. Kawotchi kanali katadzuka osadikira m'mawa, ndipo kanayamba kutumiza mauthenga onse amene anatsalira. Mayiyu anawerenga mokweza: "Kumbukirani kupereka katemera wa chitopa kwa anapiye anu."

Anayang'ana dzenje, anayang'ananso amuna awo. "Nanga bwanji, bambo a mapasa? Zatheka?"

Bamboyo anangoti zyoli, khasu lili m'manja. Madzulo ake anaimbira alimi mmodzimmodzi kupepesa, mlamu wawo atakhala pambali, ndipo amake mapasa anakhomanso kalendala yawo pakhoma la khitchini popanda wowaseka.

Funso limodzi lokha likanapulumutsa khola lonse, koma a Zatheka anaona ngati kufunsa n'kudzitsitsa. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa adadya phula.